Pamene Galimoto Iyamba Kudziwongolera Yokha

Mu caka ca 1980 fakitale ya ku Abingdon, m'dziko la England, inatulutsa galimoto yotsiriza ya mtundu wa MGB. Inayamba kuzipanga mu 1962, ndipo pa zaka 18 zimenezo inapanga zoposa 500,000, zambiri mwa izo n'kuzitumiza ku America. Ndi kagalimoto kakafupi, kopangidwira liwiro ndi cisangalalo, osati kunyamula matumba a cimanga. Zambiri zikali kuyenda lero, koma ngakhale yaing'ono pa zonse yapyola zaka 40. Pa msinkhu wotere pali nthenda ina imene eni ake amaidandaula kawiri-kawiri, ndipo tafuna kuti tikambirane za iyo, pakuti masipuling'i a kumbuyo kwa MGB ndi a mtundu womwewo umene tiuona pansi pa mavaneti amene amatinyamula ife ndi ana athu.

Nthendayo imaoneka motere. Woyendetsa akaponda mafuta pa mseu wowongoka, galimoto imakokera mbali ina. Akacotsa phazi, imabwerera mbali inayo. Ciwongolero sanacikhudze konse. Ambiri amathamangira kutsogolo, nasintha matayala, nayeza mawilo, ndalama n'kutha, koma vuto lili cikhalire kumbuyo.

Tiyeni tigwade tisuzumire pansi. Mawilo awiri a kumbuyo alumikizidwa ndi citsulo cimodzi cacikulu copingasa, cimene amakanika amaciti ekiselo. Mbali iliyonse ekiseloyo wakhala pa sipuling'i ya zitsulo zaphanthi-phanthi zosanjikizana. Sipuling'i imeneyi igwira nchito ziwiri. Yoyamba tonse tiidziwa, ndiyo kufewetsa mabampu. Yaciwiri, imene timaiiwala, ndiyo kugwira ekiselo kuti asasunthe pa malo pake. Palibenso citsulo cina comuletsa kupita kutsogolo kapena kumbuyo.

Ndipo sipuling'iyo yamangidwa pa malo atatu okha. Kutsogolo yapindidwa ngati diso, m'disomo muli bushi ya mphira yokhala ndi kapaipi kacitsulo pakati, ndipo bauti imodzi imapyola m'kapaipiko kuimangirira ku thupi la galimoto. Kumbuyo kuli shackle, tizitsulo tiwiri tolendewera timene timalola sipuling'i kutalika ikapsinjika, ndipo namonso muli mabushi a mphira, anai mbali iliyonse. Pakati mpamene pakhala ekiselo, womangidwa ndi mabauti awiri okhota ngati cilembo ca U, ndi timphira tiwiri taphanthi, kena pamwamba pa sipuling'i kena pansi pake. Timphira timeneti tikaphwanyika ndi ukalamba, kapena tikavunda ndi mafuta odontha, mabauti a U amatsala olobodoka ngakhale palibe amene anawamasula. Pamenepo ekiselo amayamba kupotoka pang'ono injini ikakoka, ndipo mawilo a kumbuyo amasanduka ciwongolero caciwiri cimene mwini galimoto sangacigwire. Pa liwiro la m'tauni n'cinthu congotopetsa. Pokhota pa mseu wonyowa cingathe kutaya galimoto m'ngalande.

Nchito yokonza si yovuta kuimvetsa, koma yapha anthu. Tinene mosabisa: munthu asalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha, kapena pa njerwa zosanjika. Tiyambe tatsekereza mawilo a kutsogolo, tikweze kumbuyo, ticirikize thupi la galimoto ndi zoimikira zacitsulo pa malo olimba patsogolo pa masipuling'i. Jeke ipite pansi pa sipuling'i imene tifuna kumasula, kuti mphamvu yake tiitsitse pang'ono-pang'ono, cifukwa sipuling'i yopsinjika ikamasuka mwadzidzidzi imathyola zala. Tikumbukirenso paipi yofewa ya mabuleki, kuti ekiselo asalendewere pa iyo. Ife tiona kuti n'kwanzeru kutsiriza mbali imodzi tisanakhudze inzake; mbali yosamasulayo imagwira ekiselo, ndiponso imatikumbutsa m'mene zitsulo zinasanjikidwira tikasokonezeka.

Pamene ambiri amatayira mtima ndi pa bauti ya kutsogolo ija. Pa zaka zonsezi dzimbiri limaigwirizanitsa ndi kapaipi ka m'bushi mpaka ziwirizo zikhala ngati citsulo cimodzi. Nati imamasuka bwino, bauti imazungulira, koma kutuluka ai. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiithire mafuta osungunula dzimbiri kwa masiku angapo nchito isanayambe, ndipo ikakanabe tiidule ndi sowo wa zitsulo mbali zonse ziwiri za diso la sipuling'i. Kuimenya ndi nyundo yaikulu kumangopinda citsulo ca galimoto cimene cigwira bautiyo, ndipo bauti ndi yochipa kutali poyerekeza ndi citsulo cimeneco.

Sipuling'i ikatuluka, tisafulumire kuika zatsopano. MGB ilibe chasisi yapadera monga vaneti. Thupi lake lomwelo ndilo mafupa ake, ndipo zogwirira masipuling'i zinawochereredwa ku malata a thupilo. Ku Britain amathira mcere m'miseu nyengo yacisanu, ndipo mcere ndi matope zimadya malata amenewa kuyambira mkati. Tikande ndi kugogoda ndi kacitsulo kosongoka mozungulira pogwirira ponse. Pakabooka, kapena boo la bauti likakhala litakula n'kusiya kukhala lozungulira, mabushi atsopano sathandiza kanthu. Pafunika kudula covundaco ndi kuwocherera citsulo cabwino, ndipo popeza thanki ya petulo ili pansi pa buti, pafupi ndi zogwirira za kumbuyo, iyenera kucotsedwa moto usanayatsidwe. Mwai wake ngwakuti zitsulo zimenezi zikali kupangidwa. Kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanga ngakhale thupi lathunthu latsopano la MGB mu 1988.

Masiku ano ena amasankha mabushi a polyurethane m'malo mwa mphira. Amakhalitsa ndipo saopa mafuta, ngakhale ena amati amaumitsa kayendedwe. Mabauti a U okha tisawabwezere akale.

Pomanga, mutu wa kabauti ka pakati pa sipuling'i ulowe bwino m'boo lake, pakuti ndiwo uuza ekiselo pokhala. Manati a kutsogolo ndi a shackle tingowagwiritsa cabe. Titsitse galimoto iime pa mawilo ake, tiigwedeze kangapo, ndipo pamenepo mpomwe tiwalimbitse. Tikawalimbitsa galimoto ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka nthawi zonse galimoto ikatsika, ndipo imang'ambika msanga. Manati a mabauti a U tiwamange mosinthana-sinthana, pang'ono uku pang'ono uko, ndipo tikayenda makilomita mazana angapo tibwererenso ndi sipanala, cifukwa timphira tatsopano timakhala titaphwa pang'ono.