Phokoso la injini ya supercharger: mvetserani musanagule oilo

Pakati pa magalimoto ogwirapo kale nchito amene alowa m'dziko lathu kudzera pa Nakonde ndi pa Chirundu, alipo ena okhala ndi cipangizo cochedwa supercharger. Otere ndi monga Mercedes-Benz yolembedwa Kompressor kumbuyo, Mini Cooper S ya zaka za 2002 mpaka 2006, ndi Nissan Note ya DIG-S imene inayamba kupangidwa mu 2012. Eni ake ambiri sadziwa kuti cipangizoci ciri ndi oilo wakewake, ndipo amayamba kumva za oiloyo tsiku limene injini yayamba kulira zacilendo. Pamenepo athamangira kukagula kabotolo, poganiza kuti phokoso litha. Kawirikawiri silitha.

Nchito ya supercharger ndi kukankhira mpweya wocuruka m'injini kuti itenthe petulo wambiri ndi kupereka mphamvu zoposa msinkhu wake. Isiyana ndi turbo, imene izunguzidwa ndi utsi ndipo imwa oilo wa injini. Supercharger izunguzidwa ndi lamba. Mkati mwake muli zitsulo ziwiri zopiringizika zimene zizungulira moyandikana kwambiri koma osakhudzana, nzeru imene abale awiri a ku America, Philander ndi Francis Roots, analembetsa mu 1860. Cimene ciletsa zitsulozo kugundana ndi magiya awiri okhala m'kacipinda kotsekedwa. Oilo amene tikunena akhala m'kacipindako, ndipo nchito yake ndi kudzoza magiyawo ndi mabeyaringi oyandikana nawo, basi.

Cotero funso loyamba likhale lakuti: kodi phokosoli licokera kuti, ndipo limveka nthawi yanji? Kuliza mluzu pamene mwaponda mafuta ndico cibadwa ca supercharger, si matenda ai. Kulira kwa tswii m'mamawa kapena pa mvula kaloze lamba wotha, kapena kagudumu komukunga. Koma mukamva gobedegobede, ngati timiyala m'citini, injini iri kulira galimoto itaima, ndipo phokosolo nkuzimirira mukaponda mafuta pang'ono, ganizirani za coupler. Kameneka ndi kambale ka pulasitiki kolumikiza mtanda wocokera ku lamba ndi magiya. Mabowo ake akakula, zitsulo zolowamo ziyamba kugogoda. Oilo watsopano sangabweze pulasitiki imene yadyeka. Kambaleko kafunika kusintha, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi supercharger yathunthu imene ena amakakamizidwa kugula.

Eni Mercedes a injini ya M271 acenjere koposa. Injini imeneyi idziwika ndi vuto la cheni coyendetsa mavalavu, cimene cimatanuka pamodzi ndi kudyeka kwa mano a magudumu ake. Cizindikiro cake ndi kugogoda kwa kanthawi kocepa poliza injini yozizira. Munthu akanamizira supercharger napitiriza kuyenda, cheni cikhoza kulumpha mano, mavalavu nkugundana ndi mapisitoni. Apo ndiye kuti injini yonse iyenera kupasulidwa.

Amakanika odziwa nchito sayamba ndi sipanala. Atenga sikuludiraiva yaitali, nagunditsa nsonga yake pa supercharger, pa alternator, ndi pa civundikiro ca cheni, cigwiriro ciri kukhutu. Pamene pali cilema pamveka mokweza. Pocita izi tayi ndi manja a malaya zikhale kutali ndi lamba, pakuti lamba sacenjeza. Njira yaciwiri ndi kucotsa lambayo ndi kuliza injini yozizira kosapitirira mphindi imodzi, kaamba kakuti pampu ya madzi nayo ikhala itaima. Phokoso likatha, colakwa ciri pa zimene lamba azunguza. Likapitirira, ciri mkati mwa injini. Injini itazimitsidwa, gwedezani gudumu la supercharger ndi dzanja uku ndi uku. Likamasewera lisanakoke za mkati, coupler yatha, pokhapokha ngati gudumulo liri la mtundu wokhala ndi kilachi, limene lizungulira lokha mwacibadwa.

Izi sizitanthauza kuti oiloyo ngwosafunika. Opanga ena anena kuti safuna kusintha moyo wonse wa galimoto, komatu galimoto yofika kuno itayenda kale zaka 15 yaupitirira moyo umene iwo anali kuwerengera. Oilo amacepa pang'onopang'ono podontha pa masilo okalamba. Pa Mini Cooper S nkhaniyi njoopsa, cifukwa pampu ya madzi izunguzidwa ndi timagiya ta kumbuyo kwa supercharger, tokhala ndi oilo waoo wocepetsetsa. Akauma, mano adyeka, pampu iima, injini nkutentha kopitirira. Tsoka lake, pa galimoto imeneyi supercharger iyenera kucotsedwa kuti mufike pa zitseko zonse ziwiri za oilo.

Pamene citseko cifikika, nchito njapafupi. Imikani galimoto pamalo osalala, injini izizire, ndipo pukutani bwino pozungulira citseko kuti fumbi lisagweremo. Masulani, lowetsani kapaipi kolumikiza ku jekeseni wamkulu, ndi kukoka oilo yense wakale. Musadabwe ndi fungo: oilo ameneyu anunkha koipa ngakhale pamene palibe cowonongeka. Thirani watsopano kufikira m'munsi mwa bowo, kapena monga mwa muyeso wa m'buku la galimotoyo. Pa mitundu yambiri muyesowo supitirira kapu imodzi ya tiyi. Kudzaza mopitirira kukankha masilo ndi kuyambitsa kudontha. Gwiritsani nchito oilo wolembedwa kuti ngwa supercharger. Wa injini kapena wa giyabokosi sanapangidwire magiya othamanga cotere.

Oilo wakaleyo musamutaye msanga. Muthireni m'mbale yoyera ndi kumuyang'ana padzuwa. Kuda kokha sikudetsa nkhawa, koma tizitsulo tonyezimira tisonyeza kuti magiya kapena mabeyaringi ayamba kudyeka. Mukaona timeneti, kapena jekeseni akabwera wopanda kanthu, supercharger itsegulidwe galimoto isanapite ulendo wautali monga wa ku Chipata.