NTHENDA YA MARBURG IYAMBA MONGA MALUNGO: MWAZI UDZA PAMBUYO

Awerengi athu ambiri adziwa malungo monga adziwa njira ya ku nchito kwao. Munthu akamva mutu ndi kutentha thupi, agula mankhwala ku sitolo nagona, m'mawa mwace nalawirira ku nchito poopa kudulidwa malipiro. Koma zilipo nthenda zina zoopsa zimene pa masiku oyamba sizisiyana konse ndi malungo. Madotolo amati ndi malungo otaya mwazi, ndipo m'gulu limeneli muli Ebola, Lassa ndi Marburg. Lero tifotokoza za Marburg, kuti awerengi aizindikire isanakule.

Kumene Yaoneka

Dzinali ndi la mzinda wa ku Germany. M'caka ca 1967 anthu ogwira nchito m'nyumba zoyesera mankhwala anadwala atagwira apusi ocokera ku Uganda. Anadwala anthu 31 ku Marburg, Frankfurt ndi Belgrade, ndipo 7 anamwalira. Mu 1975 mnyamata wa ku Australia amene anayenda m'Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, anafera m'cipatala ca ku Johannesburg. Mnzace wa pa ulendo ndi namwino mmodzi anadwalanso, koma anacira. Ku Durba, m'dziko la Congo, kuyambira 1998 kufikira 2000 anadwala anthu 154 nafa 128, ambiri a iwo okumba golide ndi a m'mabanja ao. Ku Uige m'Angola, mu 2005, inapha anthu oposa 200. Kacirombo kace kakhala mwa mileme yakudya zipatso, imene igona m'mapanga ndi m'migodi.

Mayendedwe Ace M'thupi

Kacirombo kakalowa, munthu akhala masiku 2 kufikira 21 osamva kanthu, ndipo pa nthawi imeneyi sapatsira mnzace. Tsono nthenda igwa mwadzidzidzi: thupi litentha kwambiri, mutu uwawa kolimba, minofu iphwanya, ndi mphamvu zitha. Apa ndi pamene ambiri anyengeka nati, ndi malungo cabe.

Pofika tsiku lacitatu m'mimba mutseguka madzi okhaokha, mupota, ndipo wodwala asanza. Kutsegulako kukhoza kutha sabata yathunthu. Maso alowa m'kati, nkhope iuma, munthu angoti lambalala, kuyankha movutika. Ena aturuka totupa tofiira tosayabwa pa cifuwa ndi pa msana.

Mwazi, ngati uti uoneke, uyamba pakati pa tsiku lacisanu ndi lacisanu ndi ciwiri. Uoneka m'masanzi ndi m'cimbudzi, uturuka m'mphuno ndi m'nkhama, ngakhale pa malo pamene dotolo anabaya jekeseni. Wodwala asokonezeka mutu, mwina akwiya ndi kukalipira omudwazika amene awakonda. Amene agonja kawirikawiri amwalira tsiku la 8 kapena la 9 ciyambire kudwala. Pa miliri yosiyanasiyana afa anthu 24 kufikira 88 mwa odwala 100 alionse.

Cifukwa Cace

Kacirombo kayamba ndi kugwira tizigawo ta mwazi timene nchito yace ndi kulonda thupi, ndipo timeneti ndi timene tikanyamula kunka nako ku ciwindi, kapamba ndi ziwalo zina. Ciwindi ndico cipanga zoumitsa mwazi pa bala. Cikaonongeka, mwazi suumanso. Mitsempha nayo iyamba kudontha monga nkhali yong'aluka, madzi a m'thupi natha ndi kusanza ndi kutsegula kuja. Pamapeto pace mwazi ulephera kuzungulira bwino, impso zileka nchito, ndipo moyo utha. Cotero ambiri aphedwa ndi kutha kwa madzi ndi kufooka kwa ziwalo, ndipo ena amwalira osaonetsa dontho la mwazi. Wodikira kuona mwazi kuti apite ku cipatala adzapita mocedwa.

Amene Ali Pangozi

Nthendayi siuluka ndi mphepo monga cimfine. Ipatsirana pokhudza mwazi, masanzi, cimbudzi, mkodzo kapena thukuta la wodwala, ndi zofunda zace zomwe. Cifukwa cace igwira makamaka anthu acifundo: mai wopukuta mwana wace, mnzace wa m'cipinda cimodzi m'komboni, namwino, ndi osambitsa maliro, pakuti mtembo ukhalabe ndi tizirombo tambiri. Mwamuna wocira akhoza kusunga kacirombo m'umuna wace kwa miyezi ingapo, cotero ayenera kumvera malangizo a dotolo asanabwerere kwa mkazi wace.

Coyenera Kucita

Cimene caciritsa ambiri ndi kufulumira. Ku cipatala apima mwazi kuti asiyanitse nthendayi ndi malungo kapena taifodi, napatsa wodwala madzi a mcere ndi shuga, kapena madzi olowa m'mitsempha. Ku Rwanda mu 2024, kumene odwala anapezeka msanga nasamalidwa bwino, anafa 15 mwa anthu 66.

Tsono tipempha awerengi athu kuti akumbukire izi. Ngati mwagwira nchito m'mgodi kapena kulowa m'phanga mokhala mileme, kapena mwacokera ku dera kumene boma lalengeza mliri, ndipo thupi latentha masiku 21 asanathe, musanke ku nchito, musakwere basi yodzaza anthu. Tumizani mau ku cipatala, ndipo muuze dotolo kumene munali, osabisa. Omudwazika asagwire masanzi ndi manja osabvala kanthu, ndipo asambe ndi sopo nthawi zonse. Maliro otere asiyireni anthu ophunzitsidwa nchitoyo, ngakhale mwambo wathu uwawidwe nazo. Malipiro a masiku awiri otayika apezekanso mwezi wa mawa, koma nthenda yobisidwa m'nyumba ikhoza kutha banja lonse.