Tchuthi cha uchembere ndi cha matenda: lamulo likuti chiyani, nanga likufikira ndani?

Kusikelo timauza amayi kuti ayamwitse mwana mwakathithi kwa miyezi 6. Koma mayi amene akugwira ntchito m'sitolo pa Liwonde kapena m'nyumba ya bwana pa Balaka, lamulo limangomutsimikizira masabata 8 okha a tchuthi. Imeneyi ndi nkhani ya zaumoyo, ngakhale timakonda kuisiyira a ofesi ya leba.

Lamulo la ntchito la Employment Act, la chaka cha 2000, likuti mayi wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Akabwerako ayenera kupeza ntchito yake ilipo, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Mu 2021 lamuloli linasinthidwa: abambo nawo anapatsidwa masabata 2 mwana akabadwa, ndipo mayi woyamwitsa ayenera kupatsidwa nthawi yoyamwitsa mkati mwa ntchito.

Mawu oti "kamodzi pa zaka 3" tiwamvetsetse. Mayi akatenganso pathupi zaka 3 zisanathe, bwana sakakamizidwa kumulipira tchuthi china. Ku Machinga, komwe amayi ambiri amabereka pafupipafupi, mfundo imeneyi ingatithandize pokamba za kulera.

Pa matenda, munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Apa ndi pomwe ife a chipatala tikulowerapo, chifukwa tchuthichi chimadalira kalata yochokera kwa dokotala wovomerezeka. Chimodzimodzinso mayi kapena khanda akadwala chifukwa cha uchembere: kalata ikakhalapo, bwana ayenera kuwonjezera masiku, ngakhale lamulo lamusiyira iyeyo kuti aone kuchuluka kwake. Taganizirani wodwala TB, amene mankhwala ake ndi a miyezi 6. Ngati sanapatsidwe kalata, masiku omwe ali chigonere amawerengedwa ngati kujomba.

Vuto lalikulu lagona pa amene amalipira. Kuno kwathu ndalama zonse za tchuthi zimatuluka m'thumba la bwana. Palibe thumba limodzi lomwe anthu amasonkhamo kuti wodwala kapena wochira azipatsidwa kuchokera mmenemo. Mwini golosale wa antchito atatu akaganiza zolipira masabata 8 munthu palibe, kwa iye chapafupi n'kusalemba ntchito amayi achitsikana. N'chifukwa chake pangano la bungwe la ILO la nambala 183, la chaka cha 2000, limanena masabata 14, ndiponso kuti ndalamazo zizichokera ku inshuwalansi ya anthu onse kapena ku boma.

Abale athu omwe ali ku Joni amalidziwa thumba lotere. Ku South Africa kuli UIF: wantchito amadulidwa 1 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro ake, tinene choncho, bwana n'kuwonjezerapo chimodzimodzi, ndipo thumbalo limalipira pa uchembere, pa matenda aatali, komanso ntchito ikatha. Ku California, m'dziko la America, inshuwalansi ya wantchito wodwala inakhazikitsidwa mu 1946, ndipo kuyambira 2004 amalipiranso amene wasiya kaye ntchito kuti asamalire khanda kapena mbale wodwala. Kuno, wodikirira matenda pa chipatala cha Balaka, amene amagona pa khonde ndi kuphika pa mafuwa, lamulo silimutchula n'komwe.

Komabe anthu ambiri omwe timawaona sali pa ntchito yolembedwa. Ndi asodzi a ku Chilwa ndi Chiuta, alimi a thonje ku Utale ndi Phalula, amayi a geni pa Ntaja ndi Ulongwe, aganyu. Kwa iwowa tsiku logona ndi tsiku lopanda ndiwo. Mtukula Pakhomo imathandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Sinapangidwire mayi wathanzi amene wachira dzulo. Ine ndikuona kuti mayi wotere akabwerera kumunda kapena kumsika msanga, n'kuphonya sikelo ya masabata 6, sibwino kuthamangira kulemba kuti "sakumvera uphungu".

Tsono pofunsa mbiri ya wodwala, funsaninso ntchito imene amagwira, ngati analembedwa, komanso kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Amene akuyenera kalata muuzeni aipemphe tsiku lomwelo asanachoke pachipatala, chifukwa kubwereranso kuchokera ku Nayuchi n'kuwononga ndalama ina ya thiransipoti. Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, mukakumana ndi mayi amene wachotsedwa ntchito ali woyembekezera, mulozereni ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo atenge kabuku kake ka kuchipatala kosonyeza masiku a sikelo.