Takhudza Magazi a Munthu Wina: Kodi Tingapereke Magazi?

Ambiri mwa ife timakhudza magazi a anzathu mosayembekezera: ponyamula wovulala pangozi ya pamsewu, posamalira wodwala pakhomo, pothandiza mayi amene wachilira panjira, ngakhalenso posambitsa maliro. Kodi zikatere tingapitebe kukapereka magazi?

Zimatengera mmene magaziwo anatikhudzira. Akagwera pakhungu lopanda bala, n'kusamba ndi sopo, chiopsezo chimakhala chochepa kwambiri. Nkhani imakula tikabayidwa ndi singano kapena kuchekedwa ndi lezala yomwe yagwiritsidwa ntchito pa munthu wina, kapenanso magazi akatidonthera m'maso, m'kamwa kapena pabala. Apa tizirombo ta HIV ndi ta matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C titha kulowa m'thupi.

A Malawi Blood Transfusion Service amayeza magazi onse operekedwa, koma kachirombo kongolowa kumene sikaoneka msanga poyeza. Magazi otere atha kuoneka abwinobwino, n'kukapatsira matenda mwana amene magazi amuthera ndi malungo. N'chifukwa chake munthu amene zoterezi zamuchitikira amauzidwa kuti adikire kaye miyezi ingapo.

Zikatigwera, tithamangire kuchipatala, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Tikapita kopereka magazi, tifotokoze zoona zokhazokha ndi tsiku limene zinachitika. Akatibweza tisachite manyazi. Nthawi yodikira ikakwana, tidzapitenso.