Safunsa adamanga m'malire a njanji

Mvula ikangotha, ng'anjo za njerwa zimayamba kufuka utsi pa Entre Lagos. Wina akufuna kukuza golosale, wina mpanda, wina nyumba yosungiramo mpunga. Koma ambiri amakumba maziko asanafunse ngati malowo ndi ololedwa kumangapo.

Tauniyi ili pa njanji yochokera ku Cuamba yomwe imalowa m'Malawi pa Nayuchi. Njanjiyi idatsegulidwa mu 1970, ndipo masiku ano pamadutsa sitima zonyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala.

Lamulo la malo la 1997 lidati nthaka yonse ndi ya boma. Munthu amangopatsidwa ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Lamuloli lidapatulanso malo ena: mamita 50 mbali iliyonse kuchokera pakati pa njanji, mamita 15 m'mbali mwa misewu ing'onoing'ono, ndi makilomita 2 kuchokera pamalire a dziko. M'malo oterewa DUAT siperekedwa, koma chilolezo chapadera basi.

Kwa anthu a pa Entre Lagos, omwe njanji ndi malire zili pakhomo, nkhaniyi si yamasewera. Womanga popanda chilolezo angathe kuuzidwa kuti agwetse, simenti ndi malata zitadya kale ndalama za nsomba za chaka chonse.

Mawu a mfumu ndi ofunika, koma paokha sakwanira. Wanzeru amayamba wapita ku ofesi ya boma ku Insaca kukafunsa malire, kenaka n'kuitana mmisiri.