Buku la The Shack: Osindikiza 26 Analikana, Akhristu Analigula

Munthu amene walemba nthano yonena za Mulungu ali ndi makomo awiri ogogodapo, ndipo kawirikawiri onse awiri amamtsekera. Osindikiza mabuku a mipingo amaopa kuti nthanoyo ingapotoze chiphunzitso. Osindikiza a malonda amati za Yesu zachulukamo, anthu sadzagula. Izi ndizo zinaonekera Bambo William Paul Young, mbadwa ya ku Canada, amene ankakhala ku Oregon m'dziko la America, mlembi wa buku lotchedwa The Shack, ndiko kunena kanyumba kakutha ka m'thengo.

Bambo ameneyu sanali mlembi wodziwika. Anali kugwira ntchito wamba, ina mwa izo ya ukalaliki wa usiku pa hotela, ndipo nthanoyi analembera ana ake asanu ndi mmodzi. M'chaka cha 2005 anasindikiza makope 15 okha, nagawira a pabanja pake ndi abwenzi. Nkhani yake ndi ya munthu wotchedwa Mack amene mwana wake wamkazi anaphedwa ndi chigawenga, ndipo patapita zaka aitanidwa ku kanyumba komwe kuja kunapezeka magazi a mwanayo, nakomana ndi Mulungu kumeneko.

Anthu awiri amene kale anali abusa, Wayne Jacobsen ndi Brad Cummings, anaona zolembazo, nathandiza kuzikonza kangapo. Atazitumiza kwa osindikiza 26, onsewo anakana. Pamenepo awiriwa anayambitsa kampani yawoyawo, Windblown Media, kuti isindikize buku limodzi lokhalo, ndipo linatuluka mu 2007. Mabuku ankasungidwa m'galaja ya Bambo Cummings. Ndalama zimene anawononga polengeza bukulo poyamba zinali ngati madola 300 basi.

Tsono linayenda bwanji? Abusa akale aja anali ndi pologalamu yawo pa intaneti, The God Journey, imene Akhristu ambiri otopa ndi machitidwe a mipingo yawo ankamvera, ndipo ogula oyamba anachokera kumeneko. Wowerenga akakhudzidwa mtima ankagulanso makope ena, napatsa mbale wake woferedwa kapena mnzake wa m'gulu la mapemphero. Buku loperekedwa pamanja ndi munthu amene umapemphera naye sulikana msanga. Pofika June 2008 linali patsogolo pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times, ndipo kampani yaikulu ya Hachette inali italowamo kuti ilifalitse. Makope ogulidwa anapitirira 20 miliyoni, ndipo mu 2017 linasanduka filimu.

Si onse anakondwera. M'nthanomo Mulungu Atate aoneka ngati mayi wachikuda wotchedwa Papa, ndipo atsogoleri ena, monga Albert Mohler wa mpingo wa Southern Baptist, anati bukulo lili ndi chiphunzitso chosokeretsa. Ife tiona kuti mantha a osindikiza a mipingo aja sanali opanda pake. Koma kudzudzulako sikunaletse malonda, pakuti munthu akamva kuti buku lakuti abusa aliletsa, mtima wake ufuna kuona chimene chilimo.

Aphunzitsi athu adzakumbuka kuti kuno kwathu njira inali ina. Nthondo, nthano ya Bambo Samuel Ntara yonena za munthu amene pamapeto atembenuka mtima, inasindikizidwa ku Nkhoma mu 1933, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi mu 1934. Mishoni inali ndi makina osindikizira, sukulu ndi owerenga. Mlembi wodziimira payekha alibe zonsezi. Chuma chake ndicho kukhulupirirana kwa iye ndi anzake.

Ndipo pomwepo ndi pamene panabuka mlandu. Amuna atatu aja, podziona ngati abale mwa Ambuye, anayamba ntchito yawo mopanda pangano lolembedwa. Pamene mabuku anali m'galaja panalibe chokanganirana, koma ndalama zitafika mamiliyoni mafunso anadza. Bambo Young anadandaula kuti sanalandire gawo lawo lonse. Anzawo aja anayankha kuti iwonso anali alembi a bukulo, popeza anathandiza kulilembanso. A Hachette, posadziwa woyenera kumlipira, anapempha bwalo la milandu kuti ligamule. Chotero m'chaka cha 2010 buku lophunzitsa za kukhululuka linali m'manja mwa maloya.

Mlanduwo unatha mu 2011 mwa kugwirizana kunja kwa bwalo, ndipo zimene anapangana sizinaululidwe. Nthano yachiwiri ya Bambo Young, Cross Roads, inatuluka mu 2012, yosindikizidwa ndi a Hachette, osati a Windblown.