Nyimbo yanu ili chabe mu foni? Ku Livingstone khomo likali pa wailesi

Mukakwela takisi kuchoka m'tauni kupita ku Dambwa kapena ku Libuyu, mvelani chimene chikulila kutsogolo kwa ba draiva. Nthawi zambili ni wailesi. Pa kantemba ku Maramba Market ni wailesi, kometela tsitsi ku Linda ni wailesi. Mabando a intaneti amatha mwezi ukali pakati, koma FM sifunsa ngakhale ngwee imodzi. Ndiye imwe amene muli na nyimbo yatsopano mu foni, mukungoituma ku magulu a WhatsApp, nkhani iyi ni yanu. Mu Livingstone khomo lalikulu la woimba likali pa wailesi, koma ambili amalowapo osakonzeka, n'kutulukapo chimanjamanja.

Tauni ino ili na mawailesi akeake. Zambezi FM na Falls FM ni za malonda, Radio Musi-O-Tunya ni ya mpingo wa Katolika, ndiye palinso za ZNBC zochokela ku Lusaka. Kukhala DJ kuno ni nchito yofuna lilime lopepuka. Woyamba kutuma foni apeleka moni m'Chitonga, wachiwili m'Chilozi, wachitatu ayamba m'Chinyanja n'kumaliza m'Chingelezi, ndipo onse afuna kuyankhidwa m'chilankhulo chao. Mlendo wa mu studio nayenso amapimidwa pa sikelo imeneyo.

Si za lelo

Wailesi na oimba a pa Zed anayamba kale kudyela mbale imodzi. Kuulutsa mawu kunayamba ku Lusaka mu 1941. Mu 1949 kunabwela kawailesi kochipa ka mabatile, Saucepan Special, kooneka ngati poto, ndipo ni kamene kanalowetsa nyimbo m'makomboni na m'midzi. Ba Alick Nkhata anachuka nthawi imeneyo, uku akuulutsa mawu, uku akuimba. M'zaka za m'ma 1970 ba Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za muno m'dziko, ndipo Zamrock ya ba Paul Ngozi, ba Rikki Ililonga na gulu la WITCH inapeza pokulila. Mu 1996 ba Errol Hickey anatsegula Radio Phoenix ku Lusaka, ndipo mawailesi a malonda anayamba kuchuluka mpaka kufika kuno kum'mwela.

Phunzilo lake ni losavuta: nyimbo imene anthu amaimva kawilikawili ni imene amaikonda. Manje funso ni lakuti, ya ndani izamveka?

Nyali yofiila ikayaka

Tinene kuti mwaitanidwa ngati mlendo. Kachipinda ni kang'ono, makoma ni ofewa kuti mawu asabwelele, akupatsani mahedifoni, maiki ili pakamwa. Nyali yofiila ikayaka, zonse zimene mukamba zafika kale ku Ngwenya na ku Malota. Ku studio yojambulila nyimbo mukalakwa mumabweleza kakhumi. Apa kulibe. Mawu akatuluka, atuluka.

Apa ni pamene ambili amagwela. Ba DJ akuti, “Tiuzeni za nyimbo iyi,” mlendo ayankha, “Ah, ni hit chabe, ba boss,” basi kwatha. Mphindi zimene munazivutikila mwezi wathunthu zapita mu kuseka na kupeleka moni kwa anzanu a mu komboni. Omvela safuna kuuzidwa kuti nyimbo ni yabwino, azaweluza okha. Afuna nkhani: munailemba chifukwa chani, ndani anapanga beat, muzaimba kuti pa Chiwelu, angaipeze kuti. Konzani mayankho amenewa mukali kunyumba.

Ndiye pali kamsampha kamene ma DJ amakonda: “Tiimbilenikoni pang'ono, kopanda beat.” Apa kompyuta imene inakongoletsa mawu anu ilibe mphamvu. Ngati mmelo ni wanu zoona, masekondi 30 amenewo angakugulitseni kuposa ma poster onse a mu Mosi-oa-Tunya Road. Ngati si wanu, otuma mafoni a ku Livingstone alibe manyazi, azakuuzani pamenepo.

Zina ni zing'onozing'ono koma zimagwetsa. Fikani msanga, chifukwa nthawi ya nyuzi na ya malonda siyembekeza munthu. Bweletsani nyimbo yomveka bwino pa flash, yolembedwa dzina lanu na mutu wake, osati imene yapita m'mafoni asanu mpaka kumveka ngati ikuimbidwa mu dilamu. Ngati muli mawu otukwana, pangani ina yoyela. Wailesi ili na laisensi ya Independent Broadcasting Authority, ndipo palibe mwini wailesi amene angalole kuitanidwa kukayankha mlandu chifukwa cha vesi yanu yachiwili.

Studio ikatuluka panja

Nthawi zina wailesi imanyamula katundu n'kukaulutsila pa shopu yatsopano, pa msika kapena pa bwalo la mpila. Zofunika si zambili: mixer, maiki ziwili kapena zitatu, masipika, na intaneti kapena foni yotumiza mawu ku studio. Koma musaganize kuti abwela chifukwa chokonda dzuwa la mu October. Pali kampani kapena bungwe limene lalipila maola amenewo, ndipo pakati pa malonda ao pamafunika wina wosangalatsa anthu. Mpata wa woimba wa pa komboni uli pamenepo: anthu akukuonani na maso, ena akukumvelani kunyumba.

N'chimodzimodzi pakabwela madansi akulu ngati Mosi Day of Thunder. Oimba ochuka amayenda makilomita oposa 450 kuchoka ku Lusaka, ndipo ngakhale ali na owatsatila ambilimbili pa Facebook, ambili amapitabe pa wailesi kukaitana anthu. Ngati akuluakulu amaipatsa ulemu maiki ya kuno, nanga imwe?

Kumbukilaninso kuti kuulutsa kumadya ndalama. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambili patsiku. Wailesi siingauze omvela kuti “tizabwela malaiti akabwela.” Imafuna jeneleta, mafuta kapena sola. Ndiye mphindi iliyonse pa mphepo ili na mtengo.

Nkhani ya “ka transport”

Apa tikambe mosabisa. Oimba achinyamata m'matauni ambili amadandaula kuti nyimbo siilila ngati sunasiye “ka transport” kapena “ka drink” m'manja mwa wina. Si ma DJ onse, ndipo ambili amakweza ana a kuno na mtima umodzi. Koma dziwani kusiyanitsa. Kugula nthawi yolengeza dansi yanu ni malonda: mumapita ku ofesi, mumalipila, mumatenga lisiti. Ya m'thumba ilibe lisiti, ndipo tsiku limene mwaleka kupeleka, nyimbo nayo yafa.

Zoona zake n'zakuti ndalama iyenela kuyenda kubwela kwa imwe. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limateteza nyimbo ngati katundu wa mwini wake, ndipo bungwe la ZAMCOPS ni limene limatolela ndalama kwa ogwilitsa nchito nyimbo, monga mawailesi, mahotela na mabala, kuti ligawile eni ake. Oimba amadandaula kuti zimene zimafika ni zochepa, koma amene sanalembetse nyimbo zake alibe na poyambila kudandaula. Mu tauni yodzala mahotela na malo ogona alendo ngati ino, kusalembetsa ni kusiya chakudya pa moto n'kupita kukasewela. Ndipo mukalibe kupita ku wailesi, gwilizanani na amene anapanga beat, polemba papepa, kuti nyimbo ni ya ndani. Ubwenzi wambili umathela pa nyimbo imene yachuka mwadzidzidzi.

Naimwe omvela

Mwina simuimba, mumangomvela uku mukusoka, mukugulitsa kapena mukuyendetsa. Mphamvu yanu ni yaikulu kuposa mmene muganizila. Ba DJ amaona mameseji amene akulowa, ndipo mwini wailesi amafuna omvela ambili kuti malonda abwele. Mukamapempha za ku Nigeria na ku South Africa zokhazokha, azakupatsani zimenezo. Mukamva mwana wa ku Maramba waimba bwino, tumani foni, tchulani dzina lake, mupemphenso mailo. Mukamva waimba zosamveka, muuzeni mwaulemu kuti akakonze, pakuti kukonda mwana si kumunamiza.

Ndipo imwe oimba, sabata ino chotsani nyimbo ija mu foni. Ikani pa flash, lembani dzina, funsani ku ofesi ya wailesi kuti amene amalandila nyimbo zatsopano ni ndani, ndipo yambani kuyeseza kuimba kopanda beat. Tsiku limene azakuitanani, nyali yofiila sizakufunsani ngati mwakonzeka.